Phunziro la Mwezi Uno: Za Kukana Kalata ya Cuma ca Masiye

Mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi nkhani imene iri kubvuta mabanja ambiri m'midzi mwathu. Nkhani yace ndi iyi: kholo lamwalira, ndipo lasiya kalata yonena za kagawidwe ka cuma cace, imene anthu aicha wilo. Poiwerenga kalatayo mwana wina apeza kuti dzina lace mulibe, kapena kuti gawo lace lacepa koposa la mbale wace. Kodi mwanayo acite ciani? Ena ati kukana mau a atate ako amene agona kumanda ndi chimo, nakhala cete ndi mtima wowawa zaka zambiri, osalonjerana ndi abale ao ngakhale pa khomo la nyumba ya Mulungu. Ena sayembekeza konse; anthu asanamete maliro, iwo amanga kale ng'ombe m'goli naturuka nayo ngolo usiku. Ife tiyesa kuti kukana wilo nkololedwa, koma kuli ndi khomo lace lolowera, ndipo wolowa pa khomolo ayenera kudziwiratu cimene adzapeza m'katimo.

Tiyambe ndi kukumbuka kumene tacokera, pakuti mikangano yambiri ya lero mizu yace iri m'mwambo wakale. Pakati pa ife Acewa ana ali a mbumba ya amai ao. Mwamuna wokwatira cikamwini anali mlendo pamudzi pa mkazi wace; analima munda umene anampatsa akuru a mudziwo, ndipo woyang'anira ana anali atsibweni ao, mwini mbumba. Potero mwamuna akamwalira, abale ace anadza kudzatenga zace, khasu, nkhwangwa, mbuzi, ndi mfuti ngati anali nayo. Ndipo wolowa m'malo mwace anali mbale wace kapena mwana wa mlongo wace. Ana ace sanadandaule, podziwa kuti tsiku lina iwonso adzalandira kwa atsibweni ao. Mwambo umenewu sunali wa nkhanza pa nthawi yace, cifukwa cuma cinali cocepa, ndipo munda unatsala kwa mkazi ndi ana. Koma ulimi wa fodya utafalikira ku Dowa ndi ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, ndi amuna atazolowera kupita ku nchito ku Harare ndi ku Joni, zinthu zinasandulika. Cuma tsopano cinali ca thukuta la mwamuna ndi mkazi ndi ana pamodzi. Ndiwo anathirira nazale, ndiwo anasoka fodya m'cigafa kufikira usiku. Ndipo cinakhala cowawa kuona mwana wa mlongo, amene sanagwirepo khasu tsiku ndi limodzi lomwe, ali kukusa ng'ombe kunka nazo kwao.

Boma linayesa kukondweretsa mbali zonse ziwiri ndi lamulo la caka ca 1967. Lamulolo linati mwamuna akafa wosalemba wilo, kumene ukwati utsata kucikazi monga kwathu kuno, mkazi ndi ana ndi ena odalira wakufayo alandire magawo 2 mwa magawo 5, ndipo abale olowa mwa mwambo alandire magawo 3. Ndiko kunena kuti pa ng'ombe 10, m'khola la ana munatsala 4 zokha. Kumene akwatira ndi lobola, monga kumpoto, anagawa pakati ndi pakati. M'caka ca 1998 anaonjezapo mau akuti kulanda cuma ca masiye ndi mlandu wa ndende. Koma m'caka ca 2011 Nyumba ya Malamulo inafafaniza lamulo lakalelo niika latsopano, ndilo limene tiri kuyendera. Lamulo latsopanoli liti munthu asalandire cuma ca wakufa pa cifukwa ca mwambo wokha. Tiona kuti akuru ena m'midzi mwathu sanawamvetse mau amenewa, ndipo ali kuweruzabe monga ngati dzuwa linaima m'caka ca 1967.

Tsono wilo nciani pamaso pa lamulo? Munthu ali yense wa zaka 18 kapena kuposapo, mwamuna kapena mkazi, wokhala ndi nzeru zace zabwino, akhoza kuilemba. Iyenera kukhala yolembedwa. Mwini wace aisaine pamaso pa mboni ziwiri zokhala pamodzi nthawi yomweyo. Ndipo mbonizo zisainenso pamaso pace ndi pamaso pa wina ndi mnzace. Sipafunika pepala la mtengo wapatali kapena mau a Cingerezi. Kalata ya m'Cicewa, yolembedwa pa tsamba la m'kope la mwana wa sukulu, ikakhala ndi zonsezi iri ndi mphamvu. Koma mau apakamwa amene nkhalamba inanena iri gone pamphasa, ngakhale tiwalemekeza kopambana, salingana ndi kalata. Ndipo ife tonse tidziwa kuti pa anthu asanu amene anawamva, asanu onsewo adzawakumbuka mosiyana, yense mokomera yekha.

Zifukwa zimene bwalo limva

Cifukwa coyamba cicokera pomwepo. Ngati panali mboni imodzi yokha, kapena ngati anaitenga kalata kukasainitsa mboni yaciwiri kumudzi kwina mawa lace, mwana akhoza kunena pabwalo kuti wiloyo siinalembedwe mwa lamulo. Ngati mboni ndi munthu yemweyo wolandira cuma m'kalatamo, kawirikawiri mphatso ya mboniyo ndiyo itayika, koma kalata yonse siigwa. Wilo ifanso ngati mwini wace analemba ina pambuyo pace, pakuti yotsiriza ndiyo ilamulira. Ifanso ngati anakwatira atailemba kale, pokhapo ngati anailemba akudziwa za ukwati umenewo nauganizira. Izi nzosabvuta kuziyesa, cifukwa masiku ndi maina aoneka papepala.

Cobvuta ndi nkhani ya nzeru za wakufayo ndi ya cinyengo, ndipo pano tikhalitsepo pang'ono. Mukumbuka mbiri ya pa Genesis 27. Isake anakalamba, maso ace nacita khungu. Ndipo Rebeka ndi Yakobo anapangana, nabveka manja a Yakobo zikopa za mbuzi, nalanda mdalitso umene nkhalambayo inasungira Esau. Cimene cinacitika m'hema muja cicitikanso m'nyumba zathu. Atate adwala miyezi yambiri; mwana mmodzi awatengera kwace, ati akawasamale, naletsa abale ace kudzawaona; mankhwala ali kwa iye, nsima iri kwa iye, ndi khutu la atate liri kwa iye yekha. Atate atamwalira iturukira kalata yatsopano yopatsa mwanayo zonse, yolembedwa ndi dzanja la bwenzi lace, masiku atatu imfa isanafike. Kalata yotere bwalo likhoza kuikana, likatsimikiza kuti mwini wace sanadziwe cimene anali kusaina, kapena kuti anamnyenga, kapena kuti anamkakamiza kufikira analibenso cifuniro ca iye yekha. Mdalitso wa Isake sunabwezeke. Koma wilo yotengedwa mwa njira ya Yakobo ibwezeka. Ndipo tisaiwale kuti wopambana uja anathawa kwao nakhala kucilendo zaka 20.

Komatu abale, cenjerani ndi mau awa akuti "atate anali atasokonezeka mutu," pakuti aturuka msanga m'kamwa mwa mwana wokhumudwa. Kudwala thupi si kutha nzeru iai. Nkhalamba ikhoza kulephera kudzuka pamphasa, koma niidziwa ng'ombe zace zonse ndi maanga ao, niidziwa ana ace onse ndi macitidwe ao. Woweruza adzafunsa ngati tsiku lolembalo munthuyo anazindikira kuti ali kugawa cuma cace, ngati anadziwa cuma cimene anali naco, ndi ngati anakumbuka anthu amene anayenera kuwaganizira. Wotsutsa ayenera kudza ndi umboni: buku la kucipatala, mau a dokotala amene anamuona, mau a mboni ziwiri zija, mau a akuru a mpingo amene anadza kudzapemphera naye sabata lomwelo. Ndipo inu akuru a mpingo, mukaitanidwa, nenani cimene munaona, cingakhale cidzapweteka mnzanu amene mukhala naye pa mpando umodzi tsiku la Sabata. Kupempha si kukakamiza. Mwana wamkazi amene anasamala atate ace zaka zitatu, nawasambitsa, nawacapira, akanena kuti "Atate, mundikumbukire," sanacimwe. Ndipo atate akampatsa gawo loposa la mlongo wace amene anakhala ku Lilongwe wosatumiza ngakhale sopo, bwalo silidzayesa cimeneco cinyengo.

Palinso cina cimene anthu aciiwala: munthu sakhoza kugawa cimene si cace. Mbuzi zimene mkazi anagula ndi mtedza wa m'munda mwace, wilo ya mwamuna siizikhudza. Munda umene mkamwini analima pamudzi pa mkazi wace sakhoza kuulembera mng'ono wace. Ndi munda wa mbumba yace umene anaubwereka kwao sausandutsa wace wace ndi inki yokha. Milandu ya malo a makolo iri ndi njira yace. Lamulo la malo la caka ca 2016 linaika mabwalo amene mfumu yaikuru ndiyo iwatsogolera. Pa zotere mwana sakana wilo yonse, angonena kuti cinthu cakuti cicotsedwe m'kalatamo.

Nanga mwana amene anangosiyidwa, kalata iri yolongosoka, atate anali ndi nzeru zao zonse, panalibe wowanyenga? Mau akuti "sanandikonde" sagwetsa wilo. Koma lamulo la 2011 linamtsegulira khomo lina. Mkazi, mwamuna kapena mwana wa wakufayo amene sanapatsidwe zomuyenera akhoza kupempha bwalo kuti limpatseko gawo. Ndipo woweruza adzayang'ana kucuruka kwa cuma, msinkhu wa wopemphayo, kusowa kwace, ndi zimene analandira kale kholo liri moyo. Mwana wamng'ono wa pasukulu ndi mwana wolumala adzamveka msanga koposa mwamuna wa ndebvu amene atate anamgulira kale cigayo. Zindikirani kuti pamenepa wilo ikhalabe ciimire. Bwalo lingotapako pang'ono. Zindikiraninso kuti khomo limeneli ndi la mkazi kapena mwamuna ndi ana. Mwana wa mlongo wodza ndi mwambo adzalipeza lotseka.

Wilo ikagwa

Pano ndi pamene ambiri apunthwa. Wotsutsa ayesa mumtima mwace kuti kalata ikagwa, cuma cidzagwera m'manja mwace, monga mango agwera wogwedeza mtengo. Sizitero iai. Ngati panali wilo ina yakale yolongosoka, ndiyo idzagwira nchito. Ngati panalibe, cuma cigawidwa monga ca munthu wosalemba kanthu, ndipo lamulo liri ndi muyeso wace umene susamala kuti anayamba mlandu ndani.

Muyeso wace ndi uwu. Olandira ndiwo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse, ndi odalira wakufayo, ndiwo makolo ace amene anali kuwasunga, ndi mwana wamng'ono amene anali kumphunzitsa sukulu. Coyamba aona kuti pasakhale wina wa iwo wogwa m'umphawi. Katundu wa m'nyumba atsala kwa wamasiye. Ndipo akakhala akazi awiri, yense asunga za m'nyumba mwace. Mwana wamng'ono ayenera kulandira koposa wamkuru, pokhapo pali cifukwa cina. Ndipo ana onse ayesedwa ana, wobadwa m'ukwati ndi wobadwa kunja komwe, pakuti malamulo akuru a dziko a caka ca 1994 ati ana onse alingana, kungakhale kubadwa kwao kunali kotani.

Tiyerekeze tsono munthu wina amene anasiya ng'ombe 8, ngolo, ndi nyumba ya malata. M'kalata mwace anapatsa mwana wace woyamba ng'ombe 2, mwana wamkazi ngolo, ndipo zotsala anazisiyira mkazi wace waciwiri ndi tiana tace titatu. Woyambayo apsa mtima, ati mai wopezayo wadya zambiri. Apeza kuti mboni ina inasaina payokha, napita kubwalo, napambana. Cimwemwe cace cikhala ca masiku owerengeka. Pogawa mwa lamulo, mai wopeza asunga katundu wa m'nyumba nalandiranso gawo lace. Tiana titatu tija tilandira koposa iye, cifukwa nta msinkhu wocepa. Agogo okalamba amene wakufayo anali kuwadyetsa awerengedwa nao. Ndipo mbiri ya mlandu itamveka, afika mnyamata wina wocokera ku esiteti ya ku Kasungu kumene atate anagwirako nchito kale, nkhope yace ya atate yeniyeni. Ng'ombe imodzi inagulitsidwa kale kulipira maulendo. Potsiriza wopambanayo abwerera kwace ndi zocepa koposa zimene atate anamlembera. Cifukwa cace tinena kuti munthu asanakane wilo, akhale pansi ndi wodziwa malamulo, awerenge bwino cimene cidzatsala kalatayo itacoka.

Khomo lolowera

Pa Luka 12 tiwerenga za munthu amene anapempha Ambuye kuti auze mbale wace agawane naye colowa. Ambuye anakana kukhala wogawa cuma cao, nacenjeza onse omva za msiriro. Sanati munthuyo analibe mlandu. Anampenyetsa mumtima mwace poyamba. Nafenso tiyambe pomwepo, ndi kudzifunsa ngati cimene citiwawa ndi cosalungama, kapena ndi nsanje yakale ya paubwana imene yapeza pobisala. Pambuyo pace nkhani ipite kwa ankhoswe, kwa nyakwawa, ndi kwa akuru a mpingo, monga Paulo anafuna pa 1 Akorinto 6 kuti abale ayambe kuweruzana okha okha. Kawirikawiri wolandira zambiri, akamnena mofatsa pamaso pa akuru, abvomera yekha kupatsako mbale wace, ndipo cimene akuru msinkhu apangana mwaufulu cilembedwe nicisainidwe. Koma akuru a mudzi ndi a mpingo adziwe malire ao: ali ndi mphamvu ya kuyanjanitsa, alibe mphamvu ya kufafaniza wilo, ndipo sakhoza kupereka gawo la mwana wamng'ono kuti akuru akondwere.

Ticenjezanso kuti mau a Paulo asasanduke cingwe comangira pakamwa pa ofoka. Tamva akuru ena ali kuuza mkazi wamasiye kapena mtsikana wamasiye kuti Mkristu sapita kubwalo, pamene wolanda ali kukhoma kale malata a wakufayo pa nyumba yace. Werengani Numeri 27. Ana akazi asanu a Tselofekadi, atate ao atafa opanda mwana wamwamuna, anaona kuti colowa ca atate ao cidzatayika. Sanaba usiku, ndipo sanalire kuseri. Anaima poyera pamaso pa Mose ndi akuru a msonkhano, nanena mlandu wao mwaulemu. Anayesedwa olungama, ndipo cifukwa ca iwo linaikidwa lamulo latsopano m'Israyeli.

Kukalephereka kumudzi, pitani pa boma la Ntchisi, kapena la Dowa ngati muli a kumeneko. Kwa Bwana DC ndi kubwalo la majisitireti ndiko asamala za cuma cocepa, ndipo adzakuuzani kopita. Mlandu wotsutsa wilo kawirikawiri ufika ku Bwalo Lalikuru ku Lilongwe, pakuti ndilo lipatsa woyendetsa cuma cilolezo ca kugawa monga mwa kalata. Ndipo wotsutsa ayenera kukapereka mau ace oletsa msanga, cilolezoco cisanaturuke ndi cuma cisanamwazike. Ng'ombe yophedwa kale siibwerera m'khola ndi ciweruzo. Wosauka wosakhoza kulipira loya afunse thandizo ku Legal Aid Bureau, imene boma linaiika cifukwa ca anthu otere. Palinso ofesi ya Administrator General imene iyang'anira cuma ca akufa. Musayese kuti ndi ulendo wa tsiku limodzi. Milandu yotere icedwa, ingakhale ya anthu omveka. Cuma ca Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene anamwalira pa 5 April 2012, cinafika naconso kumabwalo, a m'banja mwace atalephera kumvana. Ngati kunatero kwa eni magalimoto, nanga kwa ife a kwa Kasakula, amene tiyamba tagulitsa nkhuku kuti tipeze ya ulendo?

Cimene lamulo liletsa ndithu ndico kudziweruzira wekha. Wotenga cuma ca wakufa popanda cilolezo, angakhale ndi mwana wace weniweni wokhala ndi dandaulo loona, apalamula mlandu umene cilango cace cifika pa K1,000,000 ndi zaka 10 m'ndende, ndipo bwalo limlamula kubweza zonse. Kubisa wilo kapena kuitentha kuti abale asaione ndi mlandu naonso. Ndipo nkupusa, pakuti anthu ambiri ocenjera asungitsa kalata zao kwa Bwana DC kapena ku Bwalo Lalikuru, ndipo ya m'sutikesi ikapsa, inzace iturukira.

Pokhala mlandu ucedwa, pafunika kusamala cuma pa nthawi ya kuyembekeza. Tsiku la kumeta, anthu asanabalalike, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi nyakwawa awerenge zonse poyera nazilembe: ng'ombe ndi maanga ao, mbuzi, ngolo ndi goli lace, njinga, matumba a cimanga ndi soya, mabelo a fodya amene sanapite ku okushoni, ndalama za kubanki ndi za pa foni, ndi ngongole zimene wakufayo anali nazo, pakuti ngongole zilipidwa cuma cisanagawidwe. Pepalalo lilembedwe kawiri kapena katatu, mbali iri yonse isunge lace. Wamasiye ndi ana akhalebe m'nyumba. Mwambo wa kusudzula umasula munthu ku ukwati, koma sumcotsera gawo limene lamulo limpatsa. Ng'ombe zikhale m'khola momwe zinali, ndipo zikabala, ana ace alembedwe pa pepala lomwelo. Munda ulimidwe mvula ikagwa, ndi ana a sukulu asaleke sukulu; ndalama zoturuka cifukwa ca feteleza, fizi, kapena mankhwala a ng'ombe zilembedwe ndi tsiku lace, kuti wosunga cumayo akaonetse pamene woweruza adzamfunsa.